Boma Likagwira Chiwongolero, Amalipira Ndani ku Golomoti?

M'Malawi mulibe fakitale yopanga magalimoto, ngakhale imodzi. Ndiye nkhani ikamveka pa wailesi yoti boma la America kapena la South Africa likuthira ndalama m'makampani a magalimoto amene atsala pang'ono kugwa, ambiri amaiyesa mkangano wa eni ake. Komatu ntchito ya magalimoto m'dziko muno ilipo, ndipo ikudyetsa mabanja ochuluka zedi. Kungoti siili pansi pa denga limodzi. Yamwazikana m'mbali mwa misewu, m'tizisakasa ta malata ndi pansi pa mitengo, m'manja mwa amakaniko, owotcherera, omata matayala, ogulitsa masipeya, oyendetsa Sienta ndi anyamata a kabaza. Nayonso ikudwala, ndipo boma limaigwira tsiku ndi tsiku.

Pa Golomoti ndi malo abwino oonera zimenezi chifukwa pamakumana misewu itatu. Pali M5 wa m'mbali mwa nyanja, wochokera ku Salima kudzera ku Chipoka, Mtakataka ndi mphambano ya ku Mua, kulowera cha ku Balaka. Pali msewu wokhotakhota wa Khwekhwerere, wotsika phiri kuchokera pa Masasa pa M1. Pali winanso wolowera ku Monkey Bay ndi Mangochi. Njanji nayo imadutsa pomwepo. Sienta ikatsika Khwekhwerere itadzaza, imafika pa msika mabuleki akununkha chitsulo chopsa. Ku Japan anaipangira anthu asanu ndi awiri, koma kuno imatenga khumi kapena kuposerapo, kumbuyo atapanikiza matumba a mbatata ndi kabichi za kumtunda, chitseko chomangidwa ndi lamba wa tayala. Pobwerera imakwera ndi usipa. Woyendetsa akatsika amagogoda tayala ndi phazi, nkusuzumira pansi kuona ngati mafuta sakudontha, kenaka nkuitana makaniko: "Achimwene, tabwerani mudzaimvere, ikulira kutsogoloku." Makaniko amayala katoni pansi nkulowa chagada, sipanala kukamwa.

Anthu amenewa salandira kobiri kuchokera ku boma. Koma mtengo wa galimotoyo, wa mafuta ake, wa dola yogulira masipeya ake, ngakhale wa msewu umene ikuyendamo, zonse zimakonzedwa m'maofesi a ku Lilongwe ndi ku Blantyre. Otsutsa, omwe muli akatswiri a zachuma, ogulitsa magalimoto ndi madalaivala eni ake, akhala akunena kuti dzanja la bomalo limagwira posayenera, nkusiya poyenera kugwira. Umboni wa zaka zapitazi ukuwakhalira kumbuyo.

Magalimoto ambiri m'dziko muno ndi ogwiritsidwapo kale ntchito ku Japan. Munthu amasankha pa intaneti, pa masamba a makampani monga BE FORWARD kapena SBT, galimoto nkukwera sitima yapamadzi mpaka ku Dar es Salaam, kenaka nkuyenda pamsewu makilomita oposa 900 kudzalowera pa chipata cha Songwe ku Karonga. Chomwe chimatchipitsa magalimotowa ndi lamulo la boma la Japan. Kumeneko galimoto imayenera kupimidwa mwamphamvu ikatha zaka zitatu, kenaka zaka ziwiri zilizonse, ndipo kupimako ndi kodula. Eni ake ambiri amaona kuti bola kugula yatsopano, yakaleyo nkuitumiza kunja ikadali ndi moyo. Lamulo la ku Tokyo ndi limene linabweretsa Sienta pa Golomoti.

Ikafika pa chipata imakumana ndi bungwe lotolera misonkho la MRA. Pamakhala msonkho wolowetsera katundu, pamwamba pake msonkho wapadera wotengera kukula kwa injini ndi zaka za galimoto, pamwamba pa zonsezo VAT. Zaka zinagawidwa patatu: galimoto yosapitirira zaka 8, ya pakati pa 8 ndi 12, ndi yopitirira 12. Ikakalamba, msonkho wapaderawo umakwera. Cholinga chake ndi chomveka, chakuti dziko lisasanduke dzala lotayirako zitsulo zakutha ndi utsi wa maiko olemera. Koma wogula galimoto ya zaka 13 si kuti amakonda zakale. Ndi pomwe thumba lake lafika. Msonkho ukamutsekera njira, sapita kukagula yatsopano ku Toyota. Amabwerera ku phakaphaka lomwe ali nalo kale nkuliyendetsa zaka zina zisanu, kuwotcherera apa, kumanga ndi waya apo. Lamulo lofuna kuchepetsa magalimoto akutha limathera pa kuwasunga pamsewu nthawi yaitali.

Mu 2023 boma linasintha kawerengedwe ka msonkho wa magalimoto a kaunjikawa, nkuika mitengo yokhazikika pa mtundu uliwonse m'malo motengera mtengo umene munthu wagulira. Linkafuna kutseka chinyengo cha malisiti onama ndi zokambirana za pakona pa chipata, zomwe zinalipodi. Koma ogulitsa magalimoto anadandaula kwambiri kuti pa magalimoto ena ang'onoang'ono, omwewo a anthu wamba, msonkho unakwera mosayembekezereka, ndipo mkanganowo unatenga nthawi.

Chimene chimawawitsa mtima pa nkhani ya msonkhoyi ndi mndandanda wa anthu osalipira. Phungu aliyense wa Nyumba ya Malamulo amaloledwa kulowetsa magalimoto awiri opanda msonkho wolowetsera katundu pa zaka zisanu za uphungu wake. Kuyambira pa chisankho cha 2025 madera a aphungu alipo 229, kutanthauza kuti magalimoto okwana 458 akhoza kulowa mwa mwayi umenewu, ndipo sakhala a Sienta ayi, amakhala a injini zikuluzikulu omwe msonkho wake ukadakhala wokwera kuposa onse. Akuluakulu ena a boma nawo ali ndi mwayi wotere. Amene amakhazikitsa msonkho ndi omwewo amene msonkhowo suwakhudza. Mphunzitsi wa ku Mtakataka amene wasunga ndalama zaka zisanu kuti agule kagalimoto koti kazimuthandiza pa matola amalipira zonse mpaka tambala yomaliza.

Komabe msonkho ndi nkhani yaing'ono poyerekeza ndi mafuta ndi dola. Apa ndi pamene dzanja la boma lavulaza anthu kwambiri, ndipo lachita zimenezi kawiri m'njira yofanana, pansi pa zipani ziwiri zosiyana.

Koyamba munali mu ulamuliro wa Bingu wa Mutharika. Boma linakana kutsitsa mphamvu ya kwacha, dola inasowa m'mabanki, ndipo mu 2011 magalimoto ankagona pa mizere masiku angapo. Kusowa kwa mafuta ndi ndalama zakunja kunali m'gulu la madandaulo a zionetsero za pa 20 Julayi chaka chimenecho, pomwe anthu pafupifupi 20 anaphedwa. Joyce Banda atalowa m'boma mu Epulo 2012, kwacha inatsitsidwa mwezi wotsatira, ndipo panakhazikitsidwa ndondomeko yoti mtengo wa mafuta uzisintha wokha. Bungwe loyang'anira za mafuta ndi magetsi la MERA linkayenera kuona mtengo wa mafuta pa msika wa dziko lonse ndi mphamvu ya kwacha mwezi ndi mwezi, ndipo zikasintha ndi 5 peresenti, mtengo wa pa pampu usinthe. Mizere inatha. Zinthu zinadula, anthu analira, koma mafuta ankapezeka.

Kachiwiri munali mu ulamuliro wa Lazarus Chakwera. Kwacha inatsitsidwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenaka ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Mwezi womwewo MERA inaika petulo pa K2,530 pa lita, dizilo pa K2,734. Kuchokera pamenepo mtengo unaima pafupifupi zaka ziwiri. Ndondomeko ya 2012 ija inaikidwa pambali, ndipo palibe amene sankadziwa kuti kutsogolo kuli chisankho. Ku banki dola inaimikidwa cha pa K1,750, koma kumeneko kunalibe dola yoti munthu nkugula. Pamsewu, m'chaka cha 2025, inadutsa K4,000.

Kugwira mtengo motere kuli ngati kukanikiza chivundikiro pa mphika wowira: nthunzi imatulukirabe m'mbali nkuwotcha amene wakhala pafupi. Makampani oitanitsa mafuta, NOCMA ya boma ndi Petroleum Importers Limited ya makampani oima paokha, ankagula modula nkugulitsa motchipa. Thumba lokhazikitsira mitengo, lomwe linkayenera kuwabwezera, linauma. Ngongole kwa ogulitsa mafuta akunja zinachuluka ndipo matanki anayamba kubwera mwa apo ndi apo. Kwa munthu wokhala ndi dola kapena ndalama za maiko oyandikana nawo, mafuta a ku Malawi anasanduka otchipa kwambiri, choncho ena ankazembetsedwa kudutsa malire pomwe Amalawi ali pa mzere. Kumapeto kwa 2024 mizere inali itabwerera m'dziko lonse.

Ku Lilongwe munthu amatha kuyendayenda, pano palibe apite pena. Ku chigwa cha Golomoti malo omwetsera mafuta ndi owerengeka, ndipo tanki ikachedwa, ndiye kuti dera lonse lauma. Pamenepo mafuta amasamukira m'mabotolo. Pa kathebulo m'mbali mwa msewu pamandandalikidwa mabotolo a malita awiri ndi tizigubu ta malita asanu tomwe kale munali mafuta ophikira, petulo wake akuoneka wofiirira padzuwa, faneli yodulidwa ku botolo la madzi ili pambali ndi kansalu kosefera. Wa kabaza amaima, nkugula lita imodzi pa mtengo wowirikiza katatu kapena kanayi wa pa pampu, nkupemphera kuti sanasakanizemo palafini. Akasakaniza, sabata yomweyo njinga imakagona kwa makaniko. Ndalama imeneyo sakuitaya wa kabaza yekha. Amaiika pa mtengo wa ulendo, ndipo amailipira ndi mayi amene akuthamangira ku chipatala cha Mua mwana ali kumsana.

Pofuna kuthana ndi mavenda, MERA yakhala ikuletsa kugula mafuta m'zigubu popanda chilolezo. Mu ofesi lamuloli limamveka bwino. Koma msodzi sangakoke boti la injini kuchoka kunyanja mpaka pa pampu. Mwini chigayo cha dizilo sanganyamule chigayo. Mlimi wothirira ndi pampu ya petulo nayenso chimodzimodzi. Onsewa chigubu ndiye njira yawo yokhayo, ndipo kuti akapeze kalata ya chilolezo amawononganso ndalama ya ulendo. Lamulo lina linabala vuto, vutolo nkubala lamulo lina, ndipo lachiwirilo linagwera anthu osalakwa.

Dola nayo inafika mpaka pansi pa galimoto pomwe wagona makaniko uja. Buleki, shoki, fyuluta, batire, tayala, palibe chopangidwa kuno. Wogulitsa masipeya akalephera kupeza dola ku banki amakaigula pamsewu, ndipo mtengo wa pa shelefu umatsata dola ya pamsewuyo. Dalaivala akaona mtengo wa buleki yeniyeni, amafunsa ngati ilipo "ya bola", kapena yochotsa pa galimoto ina yomwe inachita ngozi. Matayala a kaunjika, otha kale mano, amalowa m'malo mwa atsopano. Galimoto yotere ndi imene imatsika Khwekhwerere ndi anthu khumi ndi awiri. Apolisi apamsewu angathe kulemba chindapusa, koma chindapusa sichitsitsa mtengo wa tayala.

Chisankho chinachitika pa 16 Seputembala 2025, Peter Mutharika nkupambana. Kumayambiriro kwa Okutobala MERA inakweza petulo kufika pa K3,499 ndi dizilo pa K3,500. Kukwera komwe kukadabwera pang'onopang'ono m'zaka pafupifupi ziwiri kunagwa tsiku limodzi, ndipo ngongole zomwe zinaunjikana sizinathe ndi kukwezako. Oteteza ndondomeko yakaleyo amati boma linkateteza osauka ku kukwera kwa mitengo. Yankho lake lili pa kathebulo ka mabotolo kaja. Mtengo wa K2,530 ankaupeza ndi munthu wokhala ndi nthawi yogona pa mzere, kapena wodziwana ndi wina pa pampu. Wa kumudzi anali atayamba kale kulipira mtengo weniweni, ndi kuwonjezerapo phindu la venda.

Akuluakulu a ku Golomoti amakumbukiranso nthawi imene boma linayesa kuyendetsa lokha mabasi. Kale kunali United Transport Malawi, basi zake zinkafika mpaka m'misewu yafumbi pa nthawi yodziwika. Mu 1989 kampaniyi inagulidwa ndi Stagecoach ya ku Scotland, yomwe inabweretsa basi zosanjikizana mu mzinda wa Blantyre. Nthawi imeneyo dziko lino linali ndi kanthu kena koyandikira ku fakitale ya magalimoto: kampani ya PEW ku Blantyre inkamanga matupi a mabasi pa mafelemu ochokera kunja, ntchito ya owotcherera, opala ndi openta a kuno komwe. Zitasintha ndale mu 1994, misewu inadzaza ndi maminibasi, ndipo mu 1997 Stagecoach inachoka. Kampaniyo inalowa m'manja mwa boma ndi dzina la Shire Bus Lines.

Shire Bus Lines inayenda mopunduka kuyambira pachiyambi. Mabasi ankakalamba popanda ena olowa m'malo, masipeya ankasowa, ndipo inkayembekezeredwa kutumikira njira zosapindulitsa kwinaku ikupikisana ndi maminibasi osatsata nthawi kapena mtengo. Pofika 2008 inali itatsekedwa, antchito ake atachotsedwa, ndipo madepoti ake anakhala nkhani ya mikangano kwa zaka zambiri. Boma linalephera mbali zonse ziwiri. Silinaike ndalama zokwanira kuti kampani ikhale yamoyo, komanso silinakonze malamulo oti amene alowe m'malo mwake azifika kumudzi. Mabasi akuluakulu a masiku ano amathamangira pakati pa Blantyre, Lilongwe ndi Mzuzu. Kuchoka pa Golomoti kupita ku Dedza boma, munthu amadalira Sienta, ndipo imanyamuka ikadzaza.

Maiko oyandikana nafe anapita patsogolo pang'ono, mpaka kukhala ndi mafakitale, ndipo nkhani zawo zimafanana. Ku Zambia boma la Kenneth Kaunda linatsegula Livingstone Motor Assemblers kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, yolumikiza magalimoto a Fiat kuchokera ku zipangizo za ku Italy. Inkakhala ndi moyo chifukwa magalimoto akunja ankatsekeredwa, ndipo zipata zitatsegulidwa m'zaka za m'ma 1990 inafa. Ku Zimbabwe, fakitale ya Willowvale ku Harare, yomwe inayambitsidwa ndi Ford mu 1961 nkudzakhala m'manja mwa boma, inkalumikiza magalimoto a Mazda. Boma linalamula maofesi ake kuti azigula magalimoto olumikizidwa m'dzikomo, koma akuluakulu omwewo anapitiriza kuitanitsa zawo kunja. Mu 2021 linaletsa kulowetsa magalimoto opitirira zaka khumi, mwa zina pofuna kuteteza mafakitale amene ankangotulutsa magalimoto owerengeka. Ku Mozambique, mu 2014, kunakhazikitsidwa ndi chikondwerero chachikulu galimoto ya Matchedje, yolumikizidwa ku Matola ndi ndalama za ku China. Patangopita zaka zochepa fakitaleyo inali zii.

Onsewa anagwa pa chinthu chimodzi. Kupanga galimoto kumapindulitsa ukamapanga zambirimbiri, ndipo msika wa dziko limodzi losauka sungagule zochuluka choncho. Fakitale yongomanga mabawuti pa zipangizo zakunja imadyabe ndalama zakunja, ndipo galimoto yake imatuluka yodula kuposa yobwera yathunthu. Kusiyanako amalipira ndi wogula kapena wokhoma msonkho. Wandale aliyense amene adzaimirire pa msonkhano nkulonjeza galimoto yopangidwa ku Malawi ayenera kudzafunsidwa za Livingstone ndi Matola.

Ngakhale maiko olemera mkanganowu sunathe. Britain inatenga kampani ya British Leyland mu 1975, yomwe mabasi ndi malole ake ankadziwika bwino m'misewu ya kuno, nkuthiramo ndalama zankhaninkhani, koma mbali yake yomaliza yopanga magalimoto a anthu wamba, MG Rover, inagwa mu 2005. Ku America, mu 2008 ndi 2009, maboma a George W. Bush ndi Barack Obama anaika pafupifupi madola 80 biliyoni populumutsa General Motors, Chrysler ndi makampani awo obwereketsa ndalama. Boma linakhala ndi magawo pafupifupi 61 pa 100 alionse a General Motors, ndipo pomwe linkagulitsa magawo omaliza mu Disembala 2013 linali litataya madola pafupifupi 11 biliyoni pa kampaniyo. Oikira kumbuyo amati ntchito zoposa miliyoni imodzi zinapulumuka. Otsutsa amati mabwana amene anayendetsa makampani molakwika anaphunzira kuti ukakula kwambiri boma silingakusiye ugwe.

Panalinso ndondomeko ina mu 2009 yomwe makaniko wa pa Golomoti sangaimvetse. Boma la America linawononga madola 3 biliyoni kulipira anthu kuti apereke magalimoto awo akale nkugula atsopano. Magalimoto pafupifupi 700,000, ambiri oyenda bwinobwino, anawathira mankhwala mu injini nkuwaliza mpaka injini itauma, kuti asadzayendenso. Mafakitale anagulitsa kwa miyezi ingapo, koma otsutsa anadandaula kuti magalimoto otchipa anachepa pa msika, ndipo ovutika anali osauka amene amadalira galimoto yakale.

Pali dziko limodzi m'chigawo chino limene otsutsa sangalinyalanyaze. South Africa imapanga magalimoto pafupifupi 600,000 pa chaka: Toyota ku Durban, BMW ku Rosslyn, Ford ku Silverton, Mercedes-Benz ku East London, Volkswagen ku Kariega. Hilux zambiri zimene maofesi a boma ndi mabungwe amayendera m'Malawi zimachokera ku Durban. Zimenezi sizinangochitika. Kuyambira 1995 boma la kumeneko lakhala likupereka mwayi wa misonkho kwa makampani amene akupanga ndi kugulitsa kunja, ndipo salola magalimoto a kaunjika kugulitsidwa m'dzikomo. Mmalawi wogwira ntchito ku Johannesburg amadziwa zotsatira zake: kagalimoto ka ku Japan komwe m'bale wake amaitanitsa pa foni ku Lilongwe, iye sangakalembetse kumeneko. Anthu a ku South Africa amalipira kudzera m'magalimoto odula, koma amaona chimene akugula, chomwe ndi ntchito za anthu masauzande ambiri ndi ndalama zakunja. Ndondomeko yawo ili ndi zolinga zolembedwa, yakhala zaka makumi atatu, ndipo kampani imalandira ikachita zimene inalonjeza. Ngakhale zili choncho, msonkho wa 25 peresenti umene America inaika pa magalimoto akunja mu 2025 unaonetsa kuti nayonso ikhoza kugwedezeka.

Choncho nkhani si yakuti boma lichoke lisaonekenso. Malawi ali ndi chitsanzo chake cha pamene boma linagwira poyenera. Kuyambira 1982 fakitale ya ETHCO ku Dwangwa yakhala ikupanga ethanol kuchokera ku zotsalira za nzimbe, ndipo mu 2004 PressCane inatsegulidwa ku Chikwawa. Lamulo limafuna kuti ethanol azisakanizidwa ndi petulo mpaka magawo 20 pa 100, ngakhale kuti nthawi zambiri opangidwayo sakwanira. Lita iliyonse ya ethanol ndi lita imene sinafune dola. Ndondomeko imeneyi yadutsa maboma onse kuyambira nthawi ya Kamuzu Banda, ndipo dziko likadalimbikira kukulitsa minda ya nzimbe ndi mafakitale ake m'zaka makumi anayi zapitazi, mizere ya 2011 ndi 2024 ikadafupikako.

Njanji yodutsa pa Golomoti ndi chitsanzo china cha ntchito imene boma lokha lingaikankhe. Inafika ku Salima mu 1935, ndipo kwa zaka zambiri inkanyamula anthu ndi thonje la m'chigwa chino. Mu 1999 inaperekedwa kwa Central East African Railways, ndipo lero sitima ya anthu siimanso pa Golomoti. Mu Julayi 2024 sitima yonyamula mafuta kuchokera ku doko la Nacala inafika ku Kanengo ku Lilongwe koyamba patapita zaka zoposa 20, ndipo inadutsa pa Golomoti pomwepa, Mtakataka ndi Chipoka. Kunyamula mafuta pa njanji ndi kotchipa kuposa pa matanki ochokera ku Beira kapena Dar es Salaam, komanso kumapulumutsa misewu. Kutsitsa mtengo weniweni wa mafuta kumayambira pa zinthu zotere, osati pa chikalata cholengeza mtengo.

Pafupi ndi msika womwewo pali minda ya magalasi a dzuwa ya kampani ya JCM, yomwe kuyambira 2022 imapereka mamegawati 20 ku ESCOM, ndipo ili ndi mabatire akuluakulu osungira magetsi, oyamba a mtundu wake m'dziko muno. Ku Rwanda ndi ku Kenya anyamata ambiri a kabaza ayamba kuyendera njinga zamagetsi, batire ikatha amakasinthitsa ndi yodzaza pa malo apadera. Kuti zotere zifike pa Golomoti pafunika magetsi odalirika pa msika, msonkho womveka pa njinga ndi mabatire, ndi amakaniko ophunzitsidwa. Ambiri mwa amakaniko a kuno anaphunzira poyang'ana, kuyamba ndi kutsuka mabawuti mu petulo kwa bwana wawo, ndipo ali ndi luso lodabwitsa. Koma magalimoto a masiku ano, makamaka oyendera petulo ndi batire pamodzi amene akuchuluka kuchokera ku Japan, amafuna kompyuta yopimira matenda. Maphunziro afupiafupi a TEVETA ofika m'malo ngati ano angawononge ndalama zochepa kwambiri poyerekeza ndi msonkho umene umakhululukidwa pa magalimoto a aphungu.

Kenaka pali msewu. Pa lita iliyonse ya mafuta pamakhala kandalama kopita ku thumba lokonzera misewu la Roads Fund Administration. Pa nthawi imene mtengo unagwidwa ija, makampani oitanitsa mafuta ankalephera kupereka ndalama zimenezi mokwanira chifukwa ankazigwiritsa ntchito kutseka zimene ankataya, ndipo thumbalo linatsala ndi ngongole zosatoleredwa. Boma linatsegula zipata zolipiritsa pa M1, ku Chingeni mu 2021 ndi ku Kalinyeke ku Dedza mu 2022, koma M5 anapitiriza kukumbika. M'mbali mwa phula mwadyeka, malo ena magalimoto awiri sangadutsane popanda imodzi kutsikira m'fumbi, ndipo mvula ikagwa mitsinje yotsika m'mapiri a Dedza imaopseza milatho. Dalaivala wa Sienta amalipira msonkho wa msewu pa pampu, nkulipiranso kwa makaniko shoki ikaphulika m'dzenje, ndipo shokiyo yagulidwa ndi dola ya pamsewu. Ndalama zonsezi amazitolera kwa okwera, ndi chifukwa chake pa mpando wakutsogolo wa munthu mmodzi pamakhala awiri, wachitatu atapanikizana ndi dalaivala mpaka giya kumasinthira pakati pa miyendo ya wokwera.